Funsani Amisiri: Ana akalakwitsa loboti, mphunzitsi achite chiyani?

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa anthu amene akuyendetsa timagulu ta ana opanga maloboti m'masukulu ndi m'matchalitchi mu Blantyre muno. Ndasankhapo atatu. Yoyambayi ndakhalitsa nayo, chifukwa zimene akunena aphunzitsiwa ndinazichitapo ine mwini.

FUNSO: Bambo, ndimaphunzitsa Physics pa sekondale ina ku Chilomoni. Loweruka lililonse ndimakumana ndi ana 14, a Fomu 1 mpaka Fomu 3. Tinali ndi ma Arduino atatu (timabolodi ta kompyuta toyendetsa loboti) ochita kupatsidwa, ndipo tikupanga loboti yotsata mzere wakuda yoti tikaonetse pa chionetsero cha sayansi masabata atatu akubwerawa. Ana amangolakwitsa zomwezomwezo. Tsiku lina mnyamata wina anatembenuza mawaya a batire, bolodi imodzi n'kupsa. Ndinamukalipira pamaso pa anzake. Loweruka lapitali anabwera, koma anangokhala pakona manja ali m'thumba. Ndikaona kuti nthawi ikutha ndimalanda loboti n'kukonza ndekha. Kodi ndiziwadzudzula bwanji? Ndikawalekerera zipangizo zitha.
Mphunzitsi, Chilomoni

YANKHO: Aphunzitsi, zikomo polemba mosabisa. Mantha anuwo ndi oona. Kuno bolodi ikapsa sungangothamangira pagolosale n'kugula ina. Umayamba kufunsa amene akupita ku Johannesburg, kapena kuitanitsa kunja n'kudikira masabata. Anthu amene amati ana tingowasiya alakwitse, kawirikawiri kabati yawo imakhala yodzaza ndi zipangizo. Inu mwatsala ndi ziwiri. Choncho sindikuuzani kuti muzingoonerera utsi ukutuluka. Koma zolanda loboti m'manja mwa ana musiye, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ma TV ndi ma amplifaya ku Limbe. Kagulu ka ana ndinakayambitsa m'chipinda cha Sande sukulu ku Ndirande. M'chaka choyamba tinali ndi mtsikana wa Fomu 2, wosalankhulalankhula, amene analemba yekha khodi (malangizo a pakompyuta) ya loboti yathu. Inkayenda, koma mwadzandidzandi ngati munthu woledzera, ndipo ikafika pokhota inkasiya mzere n'kulunjika kukhoma. Mawa lake tinkayembekezera makolo ndi alendo. Lachisanu madzulo ndinainyamula kupita nayo kunyumba. Magetsi anali atathima, ndiye ndinakhala ndi tochi ya foni mpaka cha m'ma 1 koloko usiku, kufufuta zimene mwana analemba n'kuikamo zanga.

M'mawa loboti inayenda ngati sitima panjanji, anthu n'kuomba m'manja. Ndiye bambo wina mwa alendowo ananyonyomala pafupi ndi mtsikana uja n'kumufunsa kuti, "Mwanawe, umaiuza bwanji kuti ichepetse liwiro ikafika pokhota?" Mwana anayang'ana pa laputopu. Panalibe ngakhale mzere umodzi umene ankaudziwa. Anatembenuka n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Sanalire, sanandiulule. Anangoti, "Afunseni ankolo." Loweruka lotsatira sanabwere, linzakenso chimodzimodzi. Titapita kwawo ndi mayi akunyumba, amayi ake anatiuza kuti, "Akuti kumeneko kulibe ntchito yake." Ndinamupepesa. Anabwerera patatha mwezi, nditamubwezera khodi yake yakale yadzandidzandi ija, ndipo zinamutengera masabata atatu kuti aiwongole yekha. Kuyambira pamenepo, ndikamayendera matebulo a ana manja anga amakhala kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake. Dzanja la mmisiri limayabwa likaona waya wolakwika, ndiye ndimachita kulimanga dala.

Tsopano za bolodi yopsayo. Ngati mwana wa Fomu 1 angathe kuwononga chipangizo pongosinthanitsa mawaya awiri, mlandu wina ndi wathu akuluakulu, chifukwa sitinamutchingire dzenje. Kwathu timachita chonchi. Waya wofiira ndi wa pozitivu, wakuda ndi wa negetivu, ngakhale mawaya atasowa sitisintha. Mabatire amakhala m'thumba langa. Gulu likamaliza kulumikiza, mwana mmodzi amalondola waya ndi chala kuchokera polowera batire mpaka pabolodi, akutchula mokweza kumene waya aliyense akupita. Mnzake amatsimikiza, ine n'kuponyapo diso, kenako batire n'kutuluka m'thumba. Sizitha ngakhale mphindi ziwiri. Dziwaninso kuti pa Arduino Uno, kabowo kakuda kozungulira kolowetsapo pulagi kali ndi diode yoteteza bolodi mawaya akatembenuzidwa, pamene pini yolembedwa VIN ilibe chitetezo chimenecho. Ana azilowetsa magetsi kudzera pakabowoko. Ikaniponso swichi ndi fyuzi yaing'ono pa waya wofiira.

Pali zinthu zina zimene mwana sangazitulukire yekha ngakhale mutamufunsa mafunso mpaka dzuwa kulowa. Zimenezo muwauze, osachita nawo ndagi. Uno imagwira ntchito pa 5V, ndipo pini iliyonse imayenera kutulutsa magetsi osapitirira 20mA. Kamota kachikasu koyendetsa matayala a loboti kaja kamakoka kuposa pamenepo kangapo konse, n'chifukwa chake pakati timaikapo kabolodi koyendetsa mamota kotchedwa L298N m'malo molumikiza mota papini. Negetivu ya batire ya mamota ndi GND (negetivu) ya Arduino ziyenera kulumikizana, apo ayi loboti imangochita zosamveka. Batire ya 9V yamakona anayi ija siyendetsa mamota nthawi yaitali. Izi zilembeni papepala lalikulu, mumate pakhoma. Mwana akadzalakwitsa chimodzi mwa izi, simufunika kukalipa. Mungomulozera pakhoma n'kumufunsa kuti, "Pa zimene zili apozi, ndi iti imene sinatsatidwe?"

Mawu okweza ali ndi malo ake. Ambirife timagwiritsa ntchito mabatire a 18650 ochotsa m'mabatire akale a laputopu. Kabatire kamodzi ndi 3.7V, kakadzaza 4.2V, kumaoneka ngati kopanda vuto, koma mawaya ake akagundana kamatentha msanga ndipo kakhoza kuyaka moto. Soldering iron, chitsulo chamoto cholumikizira mawaya, nayo imapitirira madigiri 300. Mukaona mwana akufuna kuika 18650 m'thumba momwe muli makiyi, kapena akutambasula dzanja kumene kuli nsonga yotentha, fuulani kuti "Siya!" ndipo musachite manyazi. Ngozi ikadutsa tsitsani mawu, mumufotokozere. Mphunzitsi amene amafuula pa chilichonse, tsiku la ngozi yeniyeni ana sadzidzimuka, chifukwa khutu linazolowera.

Zolakwa zina zonse, zimene sizipsetsa chipangizo kapena kuvulaza munthu, ndizo phunziro lenilenilo, ndipo ndi za ana. Ine ndili ndi mafunso atatu amene ana anga anachita kuwaloweza. Umayembekezera kuti ichita chiyani? Nanga yachita chiyani? Chasintha n'chiyani kuchokera pamene inayenda bwino?

Tsiku lina m'mwezi wa October loboti inayenda bwinobwino m'mawa wonse. Titabwerako kokadya, cha m'ma 2 koloko, inayamba misala: kuzungulira pamalo amodzi, kudumpha tepi yakuda ngati palibe. Anyamata akuluakulu anathamangira pa laputopu, ati khodi yawonongeka. Ena ati batire. Ine nditangoona pamene kuwala kunagwera pasimenti ndinadziwa, koma ndinakhala pabenchi manja nditawakhalira. Ndinafunsa kuti chasintha n'chiyani. Ati palibe. Ndinati, "Pa loboti mwina palibe. Nanga m'chipinda muno?" Anayang'anayang'ana, wina n'kusesa pansi, wina n'kumata tepi yatsopano. Panapita mphindi ngati 40. Kenako kamnyamata ka Sitandade 8, kamene akuluakulu aja sankakapatsa mpata, kanaima pazenera kuti kaone bwino, chithunzithunzi chake n'kugwera pamzere. Loboti inalowa mumthunzimo n'kuyamba kutsata mzere. Itatulukamo, misala n'kuyambiranso. Mwanayo anasuntha, n'kubwereranso, n'kusunthanso. Kenako anakuwa kuti, "Ndi dzuwa! Ikuona dzuwa!"

Apo m'pamene ndinaimirira n'kuwafotokozera kuti masensa apansi pa loboti amatulutsa kuwala kwa infrared kumene maso athu saona. Poyera kamabwerera, pakuda kamamezedwa, ndipo loboti imadziwa mzere posiyanitsa ziwirizi. Dzuwa nalo lili ndi infrared yambiri, ndiye likawomba pansi sensa imaona ngati paliponse n'poyera. Ana anang'amba katoni ya sopo n'kupangira masensa kasiketi kotchinga kuwala, wina n'kupotokola kasikulu ka pasensa mpaka inakhazikika. Ndikanawauza 2 koloko yomweyo, bwenzi titapulumutsa mphindi 40, koma pofika sabata yamawa ataiwala. Panopa mwana aliyense wa gululo akafika pamalo achilendo amayamba wayang'ana kumene kuli mazenera.

Musapitirire nazo muyeso. Mukaona kuti mwana wayamba kugwa mphwayi, wasiya kuyesa, akungodinadina zilizonse, muchepetsereni munda. Muuzeni kuti, "Batire ili bwino, khodi ili bwino, vuto lili pakati pa apa ndi apa." Wapeza poyambira, koma wogwira nsomba akhale iyeyo.

Za mawu amene timalankhula. "Waya uyu sali pamalo pake" ndi "Iwe mutu wako sugwira" ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Choyambacho mwana angachikonze pompo, chachiwiricho amapita nacho kunyumba. Kumbukiraninso mmene tinaleredwera. Mwana wa kwathu wamkulu akamalankhula amazolika, ndipo mukamufunsa kuti "Wamva?" ayankha kuti eya ngakhale sanatolepo kanthu, chifukwa kunena kuti ayi kumaoneka ngati mwano. Funso limenelo ine ndinalisiya. Ndimati, "Ndionetse," kapena "Mufotokozere mnzakoyo ine ndikumvetsera." Ndipo ndimawalola kufotokoza m'Chichewa. Ana ambiri amene timawayesa osadziwa, chimawatsekereza ndi Chingerezi, pomwe nzeruyo ili m'mutu. Poyamikira namonso tchulani chimene wachita. "Wachita bwino kuyeza batire usanayambe kugwiragwira khodi" amakuuza mwana chimene ayenera kubwereza. "Ndiwe wanzeru" samuphunzitsa kanthu.

Mnyamata wa pakona uja musamudikire kuti mtima wake uphwe wokha. Munamukalipira pagulu, ndiye kupepesanso kukhale pagulu. Sizikuchotserani ulemu. Nenani mwachidule kuti bolodi inapsa chifukwa mawaya anatembenuzidwa, koma inu munalakwa kumuchititsa manyazi, ndiponso panalibe dongosolo lotchinjiriza ngoziyo. Mukatero tulutsani bolodi yopsayo, mumupatse multimeter yoyezera magetsi, mufufuze limodzi kuti chinafa n'chiyani. Nthawi zambiri sipsa yonse. Mwina ndi regulator yokha, kachipangizo kotsitsa magetsi kufika pa 5V, ndipo wokonza mawailesi aliyense ku Limbe kapena mumsika wa Ndirande angaisinthe. Ma Uno ena chip yake yaikulu ija imazuka n'kuikapo ina. Pomaliza mupatseni udindo woti batire isanalowe pa loboti iliyonse, iyeyo ndiye aziyendera mawaya. Palibe amene angasamale ntchitoyo kuposa mwana amene anamvapo fungo la bolodi yopsa.

Masabata atatu atsalawo, chepetsani zofuna. Loboti yoyenda pang'onopang'ono koma yomaliza mzere, imene mwana aliyense mwa 14 aja angaifotokoze, ndi yokwanira. Ngakhale m'mipikisano ikuluikulu ya kunja ndi mmene zilili. FIRST Global Challenge, imene inayamba mu 2017 ku Washington ndi achinyamata ochokera m'maiko oposa 150, oweruza ake amacheza ndi ana eniakewo kuti amve mmene anaganizira, ndipo pabwalo oyendetsa loboti ndi ana. Malemu Woodie Flowers, pulofesa wa pa yunivesite ya MIT ku America amene anathandizana ndi Dean Kamen kukhazikitsa mipikisano ya FIRST, ankadziwika ndi kupatsa ophunzira ake bokosi la tizipangizo wamba ndi vuto loti athetse, n'kuwasiya alimbane nalo. Tikabwera kwathu konkuno, makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayamba ngati ntchito ya ophunzira a ku Rice University ku America, pogwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki owetera nsomba, ndipo anakonzedwa mobwerezabwereza pomvera madokotala ndi anamwino a ku Gulupu. Anamwinowo ankanena chimene chikuvuta pa makinawo, okonza n'kubwerera nawo kukakonza. Kudzudzula kumene tikufuna m'kagulu kanu n'komweko.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 1 ndipo analowa kalabu ya maloboti ndi chimwemwe. Patha miyezi inayi, koma akuti ntchito yake ndi kulemba m'kope zimene anyamata akuchita ndi kukongoletsa loboti. Laputopu sanaigwirepo. Aphunzitsi ake ndi munthu wabwino, sindikufuna kuwakhumudwitsa. Kodi ndingomuchotsa?
Mayi wa ku Bangwe

YANKHO: Mayi, musamuchotse. Pitani Loweruka, mukhale kumbuyo, muonerere ola limodzi, ndipo mukatha mupemphe kulankhula ndi aphunzitsiwo pambali. Ndikukhulupirira kuti sakuchita dala. Bokosi la zipangizo likatsegulidwa, amene ali ndi manja othamanga ndi mawu okweza ndiwo amalanda, ndipo mphunzitsi poona kuti ntchito ikuyenda sazindikira kuti ikuyenda ndi ana atatu okha. Mtsikana amapatsidwa kope ati chifukwa amalemba bwino. Kopelo ndi lofunika ndithu, mainjiniya enieni amalemba chilichonse chimene ayesa, koma likhale la aliyense.

Apempheni chinthu chimodzi chokha, choti ntchito zizizungulira. Wa laputopu sabata ino, sabata yamawa agwire mawaya, inayo kope. Kwathu timaika alamu pafoni, ikalira pakatha mphindi 20 wokhala pa laputopu amanyamuka, ngakhale ali pakati pa mzere, n'kufotokozera wobwerayo pamene wafika. Masiku oyamba pamakhala kung'ung'udza, chifukwa wodziwa amaona ngati akuchedwetsedwa. Ameneyo amafunikanso kulangizidwa, pambali osati pagulu: "Iwe ukudziwa kale. Lero ntchito yako ndi yoti mnzakoyu adziwe, ndipo kiyibodi usaigwire." Chinanso chimene ndinadzigwira nacho ine n'chakuti mnyamata akalakwitsa ndinkamufunsa mafunso, koma mtsikana akalakwitsa ndinkafulumira kumukonzera, ndikumayesa kuti ndi chifundo. Kumeneko n'kumuuza mwana kuti sangathe. Afunsidwe mafunso ovuta omwewo.

Ngati n'kotheka, aphunzitsiwo aitane mtsikana wophunzira uinjiniya ku MUBAS, imene ambiri timangoti ku Poly, kapena ku MUST ku Thyolo, adzacheze ndi ana tsiku limodzi. Mwana wanu akaona mtsikana mnzake wagwira soldering iron mosaopa, zambiri zimasintha.

Poti mwalemba ngati kholo, ndiwonjezere ichi. Kalabu yabwino imakhala ndi akuluakulu osachepera awiri, chitseko chimakhala chotsegula, ndipo mauthenga amadutsa pagulu la WhatsApp mmene muli makolo, osati mphunzitsi kumalemberana ndi mwana payekha usiku. Kumenya, kutsina khutu kapena kugwaditsa mwana chifukwa cha loboti n'kosaloleka. Mwana akakuuzani chinthu chokudetsani nkhawa, nambala yaulere yothandiza ana ndi 116.

FUNSO: Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri ku koleji, ndimathandiza ana a ku Zingwangwa mongodzipereka. Amabwera ndi khodi yotenga pa YouTube ndi ChatGPT, imagwira ntchito, koma sindikudziwa ngati ndiwaletse. Komanso nthawi zina amandifunsa zimene ine sindizidziwa, ndimachita manyazi.
Mnyamata wa ku Zingwangwa

YANKHO: Achimwene, za manyazizo zichotseni. Nenani kuti, "Ichi sindinachikumanepo nacho, tiyeni tifufuze," n'kutsegula datasheet, chikalata chofotokoza chipangizocho, pamaso pawo. Akaona mmene mukufufuzira aphunzira zambiri kuposa yankholo. Choopsa ndi kupeka yankho pofuna kusunga ulemu, chifukwa mwana adzalikhulupirira n'kukaotcha nalo chipangizo.

Za khodi yotengayo musawaletse. Arduino yomweyi inapangidwa mu 2005 ku Ivrea, m'dziko la Italy, kuti ophunzira amene sanali mainjiniya azitha kupanga zinthu, ndipo anthu ake akhala akugawana khodi poyera kuyambira kale. Ife okonza mawailesi tinaphunziranso poona mmene ena analumikizira. Lamulo likhale lakuti khodi yobwereka silowa mu loboti mpaka mwini wake ataifotokoza. Ine ndimaloza mzere umodzi n'kufunsa kuti tikauchotsa chichitike n'chiyani. Mwana anene kaye, alembe m'kope, kenako tiyese. Yambani ndi chophweka: pamene palembedwa delay(1000), mufunseni kuti 1000 ameneyo ndi chiyani. Akadziwa kuti ndi sekondi imodzi, muuzeni apangitse kagetsi kuphethira kanayi pa sekondi, ndipo nambala yake aipeze ndi pensulo asanagwire laputopu. Ambiri amayamba ndi 250, kagetsi n'kuphethira kawiri kokha, chifukwa aiwala kuti kamafuna nthawi yoyaka ndi nthawi yozima. Musamuuze. Mupatseni wotchi, awerenge yekha.